Mtengo Wachinayi wa Mapichesi

Lolemba, 3 Junyu

Nyumba ndagula. Ulongwe, pafupi ndi malire a Malawi. Zipinda zitatu, chitsime, mitengo ya mapichesi. Mlembi wa za malo akuti, "A Dotora, mwagula makoma ndi mitengo. Nthaka ndi ya Boma. Chanu ndi DUAT, chilolezo chokhalapo basi." Ine! Zaka zisanu za univesidade, lero kuuzidwa kuti pansi pa kama wanga ndine mlendo. Msuweni wanga wa ku Dedza amadzitama kuti malo ake ndi akeake mpaka muyaya. Adzawanyamula pamutu popita kumwamba, kaya.

Lachinayi, 6 Junyu

Chisanu. M'mawa uliwonse pansi pa mtengo wakumalire pamakhala posesa. Pokhapo. Mizere ya tsache, mapazi opanda nsapato. Ndawerenganso pepala logulira nyumba: mitengo itatu. Pabwalo ilipo inayi.

Loweruka, 8 Junyu

Celestino, mmisiri, wakana kukumba maziko a mpanda pafupi ndi mtengowo. "Khasu langa silifika apo, mayi." Ndamukalipira m'Chipwitikizi chapamwamba zedi. Wavula chipewa. Osati kuvulira ine.

Lachiwiri, 11 Junyu

Wosesa ndamupeza. Mayi Violeta, amene anandigulitsa nyumbayi. Pano amakhala kwa mwana wawo kuseri kwa msika.

Mu 1986, tsiku lothawa nkhondo kupita ku Malawi, khanda lawo Marisa linazizirira kumsana. Kumanda kunali mfuti. Analiika pabwalo pomwe pano, mofulumira. Mtengo anabzala atabwerako.

"Uwo sindinagulitse, mwanangu. Nthaka akuti si yanga, si yanunso. Nanga ndalakwira yani?"

Lamulo la malo ndimalidziwa ndime ndi ndime.

Ndikatseka mpanda, sadzalowanso. Ndikapanda kutseka, mbuzi za anthu zindithera ndiwo. Marisa akanakhala msinkhu wanga.

Lachitatu, 19 Junyu

Masiku anayi Mayi Violeta osabwera. Akuti chifuwa chawagwira zolimba. Masamba aunjikana. Tsache analisiya litatsamira mtengo. Ndaliyang'ana pazenera mpaka kafe kuzizira.

Celestino ndamuuza amange, koma asiye khomo kumalireko. Laling'ono, lopanda chitseko. Mbuzi zipambane.

Kenako ndasesa. Ine, Dotora, ndi chitenje chobwereka. Sindinafunse kuti mutu wa Marisa unaloza kuti, ndiye ndimaponda pang'onopang'ono, kupepesa mbali zonse.

Akapanda kudzuka mayi aja, amene akudziwa dzina la wogona apa ndi ine ndekha.