Nelesi afuna nchito ya welofeya

Chalimbana, 1957

Kwa Tenson, mwana wa mlongo wanga, ku Katete,

Ndine malume ako Ezron. Zaka zanga sinizidziwa, koma nkhondo ya Jeremani inanipeza nili ndi ana awiri. Moni kwa nonse. Kuno mvula yagwa bwino, chimanga chamasula.

Mdzukulu wanga Nelesi, amene akunilembera kalatayi, afuna kupita ku Lusaka kukaphunzira nchito ya welofeya, yosamala okalamba ndi amasiye. Adona a ku mishoni atamufunsa chifukwa, iye anayankha pamaso pa azimai onse kuti, "Nchitoyi naiphunzirira pa agogo anga. Ndine nimawasambitsa."

Tenson, ine mwamuna, mkulu wa mpingo, kusambitsidwa ndi mwana wamkazi! Kuchokera tsikulo kutchalitchi sinifuna aninyamulireko. Koma mwanayu sananame. Chimwalirire agogo ake aakazi miyendo yanga inakana, ndipo za mphasa yonyowa m'mawa, basi, wolembayu adziwa.

Namuuza kuti apite. Iye akuti sachoka mpaka papezeke wina wonisamala. Kodi mwa ana ako aamuna mulibe mmodzi wosanyansidwa? Uniyankhe sukulu ya Nelesi isanatsegule.

Malume ako,
Ezron