Foni ndi ya Tiwo, koma dzanja silinali lake

Aphungu,

Ndine mnyamata wa giredi 11 ndipo ndimakhala ku Kalingalinga ndi amayi anga. Anzanga ndi ochepa. Ndikaweruka kusukulu ndimapita kutchalitchi kwathu, komwe kuli kachipinda kowerengeramo ana a sukulu. Muli matebulo amene anakhoma akalipentala a mumpingo, makompyuta akale angapo, ndi intaneti ya wayifai. Mkulu wa achinyamata, ba Chisala, anandipatsa ntchito yosamalira intanetiyo poona kuti ndine amene ndimakhalitsa pa kompyuta. Mayina onse m'kalata muno ndasintha.

Ndifotokoze kaye mmene zimayendera kuti mumvetse vuto langa. Foni ikalumikizidwa pa wayifai yathu siipita yokha pa intaneti. Chilichonse chimene ikufuna chimayamba chadutsa pa kompyuta imodzi yotchedwa pulokisi, imene ili ngati mlonda wa pageti. Mlondayu sawerenga mauthenga a munthu. Amangoona zakunja kwa pempho: lachokera pa foni iti, nthawi yanji, ladzera pa rauta (kabokosi kofalitsa wayifai) ya m'chipinda kapena ya panja, ndipo likupita ku tsamba liti. Akaona zimenezo amalola kapena kukana, potsata malamulo amene ndinamulembera ineyo.

Ba Chisala sankafuna kuti intaneti ya mpingo izigwiritsidwa ntchito pobetcha mpira. Ndiye ndinalemba lamulo lakuti foni imene ikufuna masamba obetcha mobwerezabwereza izitsekeredwa kunja. Aliyense analembetsa foni yake pamodzi ndi dzina lake, kuti tizidziwa wolakwa. Ndinaonera mavidiyo a akatswiri akunja, ndipo ndinanyadira kuti zatheka. Chimene sindinachiganize n'chakuti kwathu kuno foni si ya munthu mmodzi. Ngakhale imene ndinalembetsa ineyo ndi ya amayi, yomwe amalankhulira ndi anthu osoketsa makatani. Ndimaigwira iwo akakhala pa makina osokera.

Sabata yatha mlonda uja anatsekera foni ya Tiwo. Tiwo ndi mtsikana wa giredi 12, woimba kwaya, ndipo mayeso ake ali pafupi. Mapepala a mayeso akale ndi mavidiyo a masamu amawapeza pa wayifai yathuyi, chifukwa kwawo sangakwanitse kumamugulira bandulo ya intaneti. Ba Chisala anandiitana kuti ndiwaonetse chimene chachitika. Pa kompyuta panaoneka dzina la Tiwo, ndipo pambali pake tsamba lobetcha.

Ndinayesa kunena kuti mwina si iyeyo. Iwo anati, "Mwaiche, mwana iwe, kompyuta siinama. Zina ili apa ni ya ndani?" Ndinayankha kuti dzinalo ndi la Tiwo. Anati, "Basi, nkhani yasila," kutanthauza kuti yatha. Amuletsa kulowa m'chipindamo, ndipo akuti Lamlungu likubwerali akaonana ndi makolo ake komanso amayi oyang'anira kwaya.

Aphungu, ine ndikudziwa kuti si Tiwo. Mapempho onse obetchawo anabwera Loweruka masana, nthawi imene kwaya imakhala ikuyeserera nyimbo m'tchalitchi. Onse anadzera pa rauta ya panja, imene imafika mpaka kuseri kwa mpanda, pamene owotcherera zitsulo amaimika mageti awo. Ine ndimakhala pa windo loyang'ana kumeneko. Loweruka lililonse mchimwene wake wa Tiwo, Sydney, amabwereka foniyo pakhomo la tchalitchi n'kukatsamira pa mpandapo, mutu uli pansi, chala chili pa foni. Tsiku lina anandiona pa windo n'kuseka. Anati, "Ba injiniya, netiweki yanu ni yofooka kuno ku mpanda. Konzaniko." Ine ndinapitadi kukaisuntha rautayo kuti azipeza bwino.

Ndinamupeza Tiwo pa mpopi wa madzi n'kumuuza kuti ndikudziwa. Sanakwiye. Anangoti, "Siya chabe, nizabelenga mabuku." Nditamukakamiza anandiuza kuti bambo awo anamuthamangitsapo kale Sydney chifukwa cha kubetcha komweku, ndipo anamulola kubwerera atalonjeza kuti wasiya. "Bakamvela futi, bazamupisha pa nyumba. Ba Sydney bazayenda kuti?" Anasenza ndowa yake n'kumapita.

Mabuku amene akunenawo alibe, Aphungu. Ndimamuona akubwereka la masamu kwa mnzake, n'kulibweza tsiku lomwelo.

Ndingathe kumutsegulira mwakachetechete, palibe angadziwe. Koma dzina lake likhalabe loipa, ndipo ba Chisala akazindikira adzandilanda makiyi a malo okhawo amene ndimamva kuti ndine wofunika. Ndingathenso kutchula Sydney, koma ndiye kuti ndaphwanya chimene Tiwo akuteteza, ndipo mwina munthu akagona panja chifukwa cha pakamwa panga. Kapena ndingokhala chete monga ndimachitira nthawi zonse? Lamulo lija ndinalemba ndine. Ndithandizeni Lamlungu lisanafike.

M.K., Kalingalinga, Lusaka

Mwanangu M.K.,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo ndaphunziramo za pulokisi zimene sindinkazidziwa. Ukufotokoza bwino. Luso limenelo ndi limene likufunika sabata ino, osati la kompyuta.

Kukhala chete iwalako. Mtsikana walangidwa chifukwa cha umboni umene iwe ukudziwa kuti ndi woperewera, ndipo wopanga umboniwo ndiwe. Kumutsegulira mobisa iwalakonso. Ukatero wasanduka munthu wosintha malamulo mumdima pokomera amene wamumvera chisoni, ndipo tsiku limene zidzadziwike anthu adzati inu awiri munagwirizana.

Koma sukuyenera kuyamba ndi dzina la Sydney. Ba Chisala sanalakwe ponena kuti kompyuta siinama. Cholakwika n'chakuti aifunsa funso limene siingayankhe. Iyo ikudziwa foni, siidziwa dzanja limene linaigwira. Pita kwa iwo Lamlungu lisanafike, pa nthawi imene ali okha, ndipo uyambe ndi mbali yako: "Lamulo lija ndinalilemba moperewera." Akulu amamva msanga mwana akayamba ndi kudziloza yekha. Kenako uwaonetse zimene unandiuza ine, nthawi ya mapemphowo ndi rauta imene anadzera. Uwapemphe afunse amayi a kwaya kumene Tiwo amakhala Loweruka masana. Munthu sangaimbe kutsogolo kwa tchalitchi uku akubetcha kuseri kwa mpanda. Zimenezo n'zokwanira kumuyeretsa.

Usanapite, umuuze Tiwo chimene ukukachita. Usamupemphe chilolezo, chifukwa adzakukaniza, koma asadzamvere kwa ena. Umutsimikizire kuti ukukanena za makina ako, osati za m'nyumba mwawo.

Ba Chisala akakufunsa kuti nanga anagwira foniyo ndani, usaname. Unene kuti makinawo sakusonyeza, ndipo zimene unaona ndi maso ukufuna uyambe walankhula ndi mwiniwake. Ukatero umupezedi Sydney, masana, pamalo pa anthu. Poti amakutcha injiniya, umuuze ngati injiniya: foni ya mlongo wake yatsekedwa chifukwa cha zimene zinkachitika ku mpanda, ndipo mayeso ali pakhomo. N'kutheka kuti sakudziwa n'komwe kuti Tiwo wamusenzera mlandu. Umupatse mpata wokadzinenera yekha kwa ba Chisala, amene angathe kulankhula ndi bambo ake mofatsa kuposa mmene mphekesera ingachitire. Akakuopseza, usalimbane naye. Uwauze amayi ako ndi ba Chisala tsiku lomwelo. Dziwanso kuti kumubisira mpaka kalekale si kumuthandiza, ndipo katunduyo si wa Tiwo kapena wako.

Ukamaliza za anthu, ukonze mlonda wako. Iwe ndi ba Chisala mutseke masamba obetchawo kwa aliyense, m'malo motsekera munthu kunja. Wofuna kubetcha apeze khomo lotseka, wofuna masamu adutse. Ngati mukufunabe kudziwa amene akupempha, mwana aliyense akhale ndi dzina lolowera ndi mawu achinsinsi akeake, oti azilemba nthawi iliyonse. Ndipo mugwirizane kuti palibe adzalangidwe asanafunsidwe. Iwe wemwe ukuyendera foni ya amayi ako. Mawa lamulo lakolo lingathe kuwatcha iwo obetcha.

Chenjezo langa ndi ili. Pa windo lako ndi pa kompyuta yako ukuona zambiri za anthu amene sakudziwa kuti akuonedwa. Uziyang'ana zokhazo zimene ntchito ikufuna, ndipo zimene waona zisamatuluke m'chipindamo ngati nkhani yocheza. Makiyi angathe kukuchoka, inde, ngakhale sindikuganiza kuti ba Chisala angataye mnyamata wobwera yekha kudzanena pamene walakwitsa. Koma akakuchoka chifukwa chonena zoona, udzapeza ena. Tiwo mayeso a giredi 12 akulemba chaka chino.

Unatha kunyamuka pampando kukasunthira Sydney rauta. Nyamukanso, ulendo uno chifukwa cha mlongo wake.

Aphungu