Khasu la m'ndakatulo ya a Saide

Lachinayi, mwezi wa Julayi. Kwazizira koopsa, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

A Saide, otaipa mayeso kusukulu kwathu, andipatsa ndakatulo yonena za akazi awo amene anaphedwa pamsewu wa ku Chimbonila. "Profesora, mundikonzereko," anatero, ponditchula mphunzitsi m'Chipwitikizi. Ndinatenga cholembera chofiira, koma ndasowa pokonza. Mawu oti imfa mulibemo. Ndime iliyonse ndi chaka chimodzi chokumba mbatata, ndipo chaka chilichonse a Saide amaiwala kanthu: poyamba kaseko ka mayiwo, kenako fungo la kapulana yawo, chitenje chomwe ankavala. Pomaliza patsala khasu lokha, mpini utasalala pomwe mayiwo ankagwira.

Munthu wofatsa ujatu ankasunga zonsezi! Pepalalo ndawabwezera osalembapo kanthu.

Ndayesa kukumbukira mawu a achimwene anga, amene anapita kunkhondo osabwerako. Nkhope ikubwera, koma mawuwo...