Zithunzi za Ukwati Zili mu Firiji ya Mlamu

Lolemba, 9 Juni

...ndiye ndinawauza kuti, mayi, ine ndajambula maukwati ochuluka kuposa tsitsi lanulo, sichinanditayikepo chithunzi n'chimodzi chomwe. Anandiyang'ana ngati ndawapondera mwana. Ndi mayi a mkwatibwi wa Loweruka uja. Akufuna zithunzi Lachisanu, mwana wawo asanasamukire kutali ndi mwamuna wake. Ndalonjeza.

Atangotuluka ndatsegula kompyuta: mbee! Zithunzi 800, osatsala ngakhale khutu la mkwati. Khadi la kamera ndinalifufuta kale, ndajambulirapo ana asukulu.

Wolakwa ndi Magalasi, mlamu wanga. Ndiye anandinyengerera zosunga ntchito kumtambo, pa makina obwereka a pa intaneti. Magetsi anazima Lamulungu, basi zonse zapita. Mtambo wachabechabe ngati mwini wake.

Lachiwiri, 10 Juni

Magalasi wabwera ndi kachikwama kake, kuyenda ngati anatulukira intaneti ndi iyeyo. Wayamba kundiphunzitsa mu situdiyo yanga yomwe!

Akuti: "Alamu, kumtambo kuli malo atatu: foda ija ndi shelefu, mumaikapo, mumatengapo. Ndowa ndi yoponyamo zomwe mwamaliza, chilichonse ndi nambala yake, ndipo siidzaza. Koma disiki ya makina obwereka okonzera zithunzi aja ndi tebulo logwirirapo ntchito basi. Makina akazimitsidwa, tebulo amalipukuta. Inu munasunga pati?"

Patebulo. M'pachangu, nanga ine ndine munthu wodikira?

Ndamuuza za magetsi. Wapukuta magalasi akewo pang'onopang'ono, akuti magetsi a muno sazimitsa makina a kumtambo. Mwana ndinamugulira nsapato yake yoyamba ameneyu.

Lachitatu, 11 Juni

Mayi aja akhala pa benchi kuyambira m'mawa, chikwama pamiyendo. Akuti zikasowa, tauni yonse idziwa, ndidzajambula mbuzi zokha. Telala wa khomo loyandikana nafe amasoka akuseka.

Masana Magalasi waulula kuti kuli malo achinayi, firiji. Anakonza zoti tsiku lililonse zapatebulo zizikoperedwa kumeneko. Koma za mufiriji sutenga pompopompo, umapempha n'kudikira masiku awiri kuti zisungunuke. Wazipempha pomwepo.

Nanga dzulo osanena bwanji? Akuti amafuna atsimikize kaye. Bodza. Amafuna aone mkulu wake akutuluka thukuta. Ndatuluka lokwana mabeseni atatu, asangalale.

Lachinayi, 12 Juni

Firiji zii. Kunyumba nakonso zii. Madamu akuti ndisamatchule mng'ono wawo pakamwa pali mwano. Ndadya ndekha ngati mlonda.

Lachisanu, 13 Juni

Teni koloko, palibe. Leveni, palibe. Mayi pa benchi, mkwatibwi pakhomo ndi masutikesi m'galimoto, mkwati akuliza hutala. Magalasi phee, akudya mtedza wanga.

Itangokwana thwelofu zithunzi zayamba kugwa, chimodzichimodzi ngati mvula yoyamba. Choyamba n'cha mayi aja akuvina, nsapato m'manja. Alira, andigwira dzanja, akuti ndinu katswiri bambo. Ndati ndinakuuzani, kuno sikutayika kanthu. Magalasi watsamwa ndi mtedza.

Onse atapita wanditembenuzira kompyuta. Kani makina aja amalemba zonse ngati mlembi wa khoti: wazimitsa ndani, nthawi yanji. Wandisonyeza mzere umodzi ndi chala. Kenaka akuti, "Achemwali sindiwauza, alamu. Koma kuyambira lero, mukamaliza, ndowa."

Ndamupatsa mtedza wotsalawo. Sikuti ndamukhululukira.

Za magetsi ndinalemba Lolemba zija ndinapeka. Sanaphethire n'komwe. Ndinazimitsa ndine, ndi chala ichi, pomuonetsa telala kuti ndikhoza kuzimitsa makina a kutsidya kwa nyanja nditakhala pampando. Anawomba m'manja, galu ameneyo.