Kiyi wa Ulusi Wofiira

Lachiwiri, 4 Novembala

Kogula buledi m'mawa uno. Chithunzi pachitseko: Thibault wa chipinda chapansi uja, atavala epuloni, akuthirira maluwa pazenera. Sewero la munthu mmodzi, akuti, lokamba za anansi osasamalana. Chothirira maluwacho n'changa. Anabwereka mu Sepitembala, ati maluwa ake akufota. Maluwa ake ati? Alibe ndi limodzi lomwe. Mkazi wa wophika buledi osandiyang'ana n'kumaso komwe. Msewu wonse wadziwa kuti mayi wa pazenera amene akumutsanzirayo ndine. Ndapsa mtima mpaka buledi ndamuiwala pompo.

Lachinayi, 6 Novembala

Ndilembe, poti wondifunsa palibe. Mayi Vasseur, okhala okha, zenera lawo loyang'anizana ndi khitchini yanga. Pangano lathu la zaka ndi zaka: akadzuka, atsegule zitseko zamatabwa za pazenera. Ndikamaliza khofi zisanatseguke, nditenge kiyi ndikaone. Kiyi wa ulusi wofiira, ndinamanga ndekha.

Mu Ogasiti, ulendo kwa mwana wanga ku Sète. Kiyi ndinasiyira Thibault. Ndinamuuza pamasitepe paja: "Mayi amene aja satseka masana ngakhale kutenthe bwanji, amati mdima akaugonera kumanda." Iye eya eya, maso pafoni. Kutentha kunabweradi. Tauni yonse zitseko zotseka usana wonse kuthawa dzuwa, zawo nazo zotseka. Anali atagwa m'bafa. Ndinawapeza ndine nditabwerako. Fungo lija silinandichoke.

Ndiye lero wolakwa ndine, wothirira maluwa.

Loweruka, 8 Novembala

A Delcroix, okhala pamwamba pa nyumba ya malemu, anditsatira mpaka pamabokosi a makalata akukoka mwendo wawo uja. Kiyi m'manja. "Mayi Ghislaine, mungandichitireko monga munkachitira anzanga aja? Zenera langa mumaliona bwino." Ndakana. Ndati zosunga makiyi a anthu ndinasiya, akapatse katswiri wa zisudzo, ndiye wodziwa za unansi. Ndawakalipira, ndikudziwa. Abweza kiyi m'thumba, ati pepani. Pepani wa chiyani, nkhalamba yosalakwa.

Tikiti ya sewero la mawa ndagula. Andinyoze ndikuona ndi maso angawa.

Lamulungu, 9 Novembala

Holo yodzaza masana ano. Thibault anayamba ndi ine ndithu: kayendedwe kanga, kagwiridwe ka kapu, kusuzumira kwanga. Anthu kuseka. Ine kukukuta mano. Kenako anavula epuloni n'kutulutsa kiyi m'thumba. Ulusi wanga wofiira. Anati, "Mayi uyu ankayang'ana tsiku lililonse, ndipo anandichenjeza. Ine ndinaona zitseko zotseka, ndinati n'kutenthaku, ndinapita kukagula buledi." Analira. Misozi yeniyeni kapena ya pantchito, kaya.

Anthu anaimirira kumuombera m'manja. Wina anam'patsa maluwa. Maluwa! Pamaliro a Mayi Vasseur sitinadzaze ndi benchi imodzi yomwe, iyeyo panalibe, ati anali wotanganidwa. Wandiyeretsa dzina, inde. Koma mtima ukundiwawa kuposa dzulo. Munthu kuulula tchimo n'kulandira maluwa, sabata yamawa akaululenso kwina, anthu alipire pakhomo.

Potuluka anandigwira mkono. "Mwandikhululukira, Mayi Ghislaine?" Ndinamuuza andibwezere chothirira changa.

Lachitatu, 12 Novembala

Mvula. Bondo likuwawa. A Delcroix anamveradi mawu anga, kiyi anapatsa Thibault. Ndamva kwa mkazi wa wophika buledi, amene tsopano akundimwetulira ngati tinabadwa bere limodzi. Ati mnyamatayo wasintha zedi, kiyi wa madala aja wam'manga pa ulusi wofiira womwe uja kuti asamuiwale. Zawo zimenezo. Zenera la a Delcroix sindikuliyang'ana ine.

Latseguka ndisanathire shuga m'khofi.

Lachisanu, 14 Novembala

Khofi ndamwa, wachiwiri wazizirira m'kapu. Zitseko za a Delcroix zotseka. Mwezi uno palibe kutentha koti munthu anamizire. Foni yawo ikungoitana. Thibault anachoka dzulo, sewero lili ku Roanne, makiyi onse awiri ali pa ulusi m'thumba mwake, akawatulutse pasiteji anthu alire. Foni yake yozima.

Kiyi ameneyo anali pamaso panga Loweruka, m'dzanja lawo, ine n'kukana chifukwa chopsera mtima munthu wina.

Nyundo yothyolera chitseko chawo ili pansi pa sinki. Nsapato zanga zili ku...