Nkhoswe ya Kabudula

Henga,
Rumphi.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti Mulungu akukusungani kumeneko ku Namitambo. Mwendo uja ukuti bwanji? Mankhwala ndinatumiza aja muzipaka ndithu, osamangowasunga m'sutikesi ngati chuma. Ine thupi lili bwino, ntchito ya unamwino ikuyenda, koma mtima wokha ndiye ukuwira. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ya a Phyllis mumalankhula anthu atakuzungulirani, ndipo nkhani iyi si ya pagulu.

Amayi, munanditumizira ndani? Ine ndinapempha nkhoswe. Ndinakuuzani bwinobwino kuti a Chirambo, bambo ake a Gordon, sangathe ulendo wa ku Chiradzulu chifukwa cha matenda a shuga aja. Anavomera kuti nkhani ya ukwati wathu ikambidwe pakhomo panga konkuno, bola pakhale mwamuna wa kwathu wondiimira. Inu munati achimwene a Willie ndiwo eni mbumba, ndi ophunzira, sangachite manyazi pamaso pa anthu a kumpoto. Mpaka munawapatsa jekete ya malemu bambo kuti akaoneke ngati munthu. Ndiye tamvani zimene wachita mwana wanuyo. Za "achimwene" ndayamba ndaziika pambali, lero ndi Willie basi.

Atapatsidwa tchuthi ku ntchito kwake ku Blantyre, iye anangoona mpata wokaona dziko. Anatengana ndi anzake awiri, aliyense chikwama chachikulu kumsana ngati akusamuka, n'kukwera kagalimoto ka mmodzi wa anzakewo kudzera msewu wa kunyanja. Ine ndinazidziwira pa zithunzi za pa foni. Lero ali ku Nkhata Bay akudumphira m'madzi kuchokera pathanthwe, mawa ali m'kabwato kapulasitiki akupalasa, mano onse pamtunda. Nditamuimbira anati ndisade nkhawa, Loweruka, tsiku la nkhaniyo, afika nthawi yabwino.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti msewu wa ku Chitimba umadutsa m'chigwa chathu chomwechino. Anadutsa denga la chipatala chathu akuliona ndi maso ake, osaima ngakhale kungosiya jekete. Akuti ankathamangira kukagona m'matenti ku Chitimba kuti m'mawa mwake akwere phiri la ku Livingstonia wapansi. Galimoto ilipo, koma munthu wa ndevu zake n'kusankha kukwera phiri ndi miyendo, akuti ndiye kukoma kwake. Si yemweyu kodi ankalira mukamutuma kukatola nkhuni m'phiri la kwathu?

Loweruka ndinasesa, ndinabwereka mipando kutchalitchi, ndinapha nkhuku. Alendo anafika m'mawa, onse masuti ndi mataye. A Chirambo anachita kuwanyamula pa ngolo, mwendo utakulungidwa. Patsogolo panali a Elias, amene kuno amati thenga, ndiye kuti munthu woyenda pakati pa mabanja awiri pa nkhani ya ukwati. Anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kufunsa kuti mwini nyumba ali kuti. Kuno mkazi sadzilankhulira yekha pa nkhani imeneyi, choncho ine ndinangogwada poteropo, n'kunena kuti ali m'njira.

Mthunzi unasuntha, tinasuntha mipando. Unasunthanso, tinasunthanso. Foni ya Willie sinkapezeka. Chakudya anakana, akuti sangadye pakhomo pamene mwini wake sanawalandire. Ndinaona manja a a Chirambo akuyamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinadziwa kuti shuga watsika. Ndinachita kuwachonderera misozi ili m'maso kuti amwe tiyi, osati ngati alendo koma ngati wodwala wanga. Amayi, munthu wamkulu uja akanandifera pakhomo, mwana wanu ali kumathithi!

Dzuwa litapendeka tinangomva kabaza wa njinga yamoto. Uyo Willie akutsika, kabudula wolekeza m'ntchafu, nsapato zamatope, chipewa cha nsalu, botolo la madzi likulendewera pachikwama. Ndinamukodola kuti azungulire kuseri akasambe. Ayi ndithu, analunjika pa alendo. Anagwira a Chirambo chanza ali chiimire, a Elias n'kuwasisita paphewa akuwatchula kuti madala. Asanapepese n'komwe anatulutsa foni kuti awaonetse kanema wa mmene anatsikira ndi chingwe pa mathithi a Manchewe, ndi phanga limene analowa kuseri kwa madzi. Anthu obadwira konkuno, iye n'kumawafotokozera kukongola kwa dziko lawo lomwe.

Ndinamukokera m'nyumba n'kumufunsa za jekete. Inatuluka pansi pa chikwama itapindidwa ngati chigamba, yonyowa, ikununkha nkhungu. Akuti kabwato kanagubuduka, ndipo usiku ankaitsamira m'tenti. Jekete imene bambo ankangoivala pa mgonero wokha! Ndinamufunsa kuti aivala bwanji pamaso pa alendo. Iye anati zovala zilibe kanthu, chofunika ndi mtima, n'kutuluka ndi kabudula wake yemweyo.

Anthu a kuno ndi opirira, ndisaname. Anameza zonsezo n'kuyamba nkhani. A Elias analankhula mwaulemu, kusakaniza Chichewa kuti ife timve, mpaka anafika pa malowolo, kuti banja la a Chirambo lakonza ng'ombe. Apo Willie anaseka. Kuseka kwenikweni, Amayi, mutu kumbuyo. Anati kwathu sitigulitsa anthu, mlongo wake si mbuzi, angonditenga ulere. Anawonjezanso kuti ng'ombezo asunge, chifukwa ana akadzabadwa ndi athu ndi kale, ndi mbumba yake.

Inu mukudziwa kuti kwathu zimenezi n'zoona, koma kuno ndi mwano waukulu. Kuno popanda malowolo palibe ukwati. Ukakana ng'ombe zawo ndiye kuti wawauza kuti banja lawo silikukwana, ndipo adzukulu awo sadzakhala awo. Zimenezi ndinamulembera Willie pa foni sabata yathayo, koma kaya ankawerenga ali pamwamba pa thanthwe liti. A Chirambo anavala chipewa chawo, anangothokoza kuti yewo chomene motsitsa mawu, n'kupempha kuti awakweze pa ngolo. Gordon anandiyang'ana kamodzi kokha n'kutsatira bambo ake.

Amene anadya nkhuku ija ndi Willie. Akudya ankandifunsa kuti ndakwinyiranji nkhope pamene iye wamuthandiza mlamu wake kusunga ng'ombe. M'mawa mwake anzake aja anamupeza, n'kupitirira ku Kazuni kukaona mvuu ndi njovu. Ananditumizira chithunzi cha mvuu itayasamula. Sindinamuyankhe, ndipo musandiuze kuti ndimuyankhe.

Tsono tamvani pamene zafika. A NyaGondwe, amayi ake a Gordon, chiyambire chaka chatha amanditchula kuti mukamwana, ndiye kuti mpongozi. Anandiphunzitsa kuphika nyemba za kuno, ndikadwala malungo amabwera kudzagona kwanga. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinagwada kuwapatsa moni. Anandiyankha bwinobwino, koma anati a namwino. A namwino, Amayi, ngati munthu wongomuona pa mzere wa sikelo! Kuyenda kuchokera kutchalitchi kukafika kunyumba sindinaone njira.

Gordon wakhala akugwada kwa bambo ake sabata yonse. A Chirambo avomera kubweranso kamodzi kokha mwezi uno usanathe, chifukwa ukatha akupita ku Mzuzu kukagonekedwa za mwendo uja, ndipo palibe akudziwa kuti akabwerako bwanji. Anena poyera kuti akadzapezanso za masewera, nkhaniyo yatha. Gordon sangakwatire bambo ake atakana, ndipo ine sindingamukakamize. Inu nomwe mwakhala mukundinena kuti ndikalamba ndi majakisoni m'manja. Lero ndapeza munthu wondilemekeza, ndiye andithawe chifukwa cha kabudula wa Willie?

Ndikudziwa zimene munene. Muti ndi chibwana chabe, magazi ndi magazi, ndimukhululukire. Mwakhala mukumuikira kumbuyo kuyambira ali kusukulu, n'chifukwa chake wakula osadziwa kuti pali tsiku la masewera ndi tsiku la anthu. Kukhululuka ndidzakhululuka, koma osati mwezi uno. Akabwera kumeneko ndi zithunzi zake za mapiri, mumufunse kuti mwa zithunzi zonsezo chili kuti cha a Chirambo akukwera ngolo ndi njala.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani nokha kwa amalume a Amock, musatume mwana. Muwauze zonsezi osabisa, muwapemphe abwere. Za ulendo wawo ndikonza ine. Akwere basi yolunjika ku Mzuzu, ine ndikawachingamira komweko, ndipo ndidzawagwira dzanja mpaka pakhomo. Muwauze kuti akadzamva za ng'ombe asadzatsutse. Adzapepese kaye za mphwawo Willie, kenako adzalandire ndi manja awiri, ngakhale kwathu sitichita zimenezo. Walira mvula walira matope: ndinasankha mwamuna wa kuno, ndasankhanso mwambo wake.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa a Phyllis ndi ana awo, kwa mng'ono wanga Isabella, ndi amayi onse a chigwirizano. Isabella yekha ndiye akuwerengereni kalatayi, ndipo atseke pakamwa. Willie musamupatse moni wanga, ndilibe.

Jekete ya bambo ndinaichapa kawiri, ndaisita, fungo la nkhungu latha. Ndaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo ndikamatuluka m'mawa uliwonse ndimaiona. Bambo akanakhala moyo bwenzi atafika tsiku lathunthu nthawi isanakwane, nsapato atapolisha. Amayi, jekete ilipo. Nditumizireni munthu woti aivale.

Ndine mwana wanu wosweka mtima,
Anesi