Dzanja la Zala Zinayi

9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine mutu sukugwira chiyambire Lachiwiri. Pafoni ndayesa katatu, koma ndalephera kukuuzani, n'chifukwa chake ndalemba.

Paja mumandiseka kuti sukulu yonse ija ndinaphunzira kutsuka machubu. Machubu omwewo andionetsa zakuda. Kuchipatala kuno kunabwera kachubu katsopano, kowonda ngati chingwe cha nsapato, kokhala ndi kamera ndi kagetsi kunsonga. Adokotala amayamba abaya wodwala mankhwala mumtsempha, kenako n'kulowetsa kachubuko m'mimba pakabowo kakang'ono. Akasintha kuwala, pamene pali nthenda pamawala mobiriwira pa sikirini. Ine yanga ndi kukankha makinawo, kulumikiza mawaya ndi kudina batani.

Lachiwiri ndi tsiku langa lopuma, koma mnzanga mwana wake anadwala, ndiye anandiitana mwadzidzidzi. Ndinapeza wodwala atagonekedwa kale tulo, atafunditsidwa nsalu, nkhope ili kuseri. Ife a makina sitiona dzina, amangotipatsa nambala.

"Dinani," anatero adokotala.

Ndinadina. Achemwali, sikirini yonse inadzaza timadontho tobiriwira, pachiwindi, pamatumbo, paliponse. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Ii, koma makinawa lero akuonetsa bwino!" Adokotala anausa moyo n'kuti, "Apa tachedwa. Titseke."

Nditawerama kuti ndikulunge mawaya, ndinaona dzanja litatulukira pansi pa nsalu. Zala zinayi, chaching'ono palibe, chija chinadulidwa ndi sowo ife tili ana. Dzanja la Bambo.

Munthu m'mawa womwewo anandiuza kuti akukagula matabwa, agonera komweko! Kumeneko n'kuti akhala akubwera kuchipatala kuno miyezi inayi, kudutsa pakhomo lomwe ndimalowera ine. Lamba anaboola mabowo awiri atsopano, ine n'kumati ndi ukalamba. Ndimaona m'mimba mwa anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku, koma munthu wodya naye patebulo limodzi sindinamuone. Manyazi andigwira, ndipo ndakwiya, kaya ndakwiyira yani.

Bambo atatsitsimuka n'kundiona, anayamba kundifunsa.

"Iwe, ukutani kuno? Lero si tsiku lako lopuma?"

"Ndiye munachita kusankha dala, Bambo?"

"Nanga ndikanatani, mwana wanga? Tamvera, mkulu wako usamuuze. Ntchito wangoipeza kumene, asaisiye chifukwa cha nkhalamba."

Ndinavomera, poti anandigwira dzanja mwamphamvu. Koma lonjezo limeneli landikanika, mundikhululukire nonse awiri. Ndinafunsa adokotala pambali, ndipo za zaka sakunena n'komwe, ngakhale pa miyezi akuchita kusamala mawu. Musadikire tchuthi cha Disembala. Pemphani abwana anu masiku, ndipo mubwere ndi ana.

Panopa ali pakhonde, akupala mwendo wa mpando, akupuma kawirikawiri. Andifunsa kuti ndikulembera yani, ndawauza kuti inu. Akuti moni kwa alamu, ana alimbikire sukulu. Akutinso ndisaiwale kukuuzani kuti iwo ali bwino, akudya, mpaka ayamba kunenepa.

Ine mng'ono wanu.